Makatani Otseka Masana

Ukwati wa Alwyn Pugh ndi Glenys unali wokoma, tonse muno mu Ludlow tinkausirira. Mwamuna ankakonza magalimoto, mkazi ankagulitsa buledi, ndipo Lamlungu ankayenda atagwirana manja ngati ana.

Zinthu zidasintha bambo ake a Glenys atamwalira n'kumusiyira bokosi la ndalama zakale zasiliva. Mudali ndalama ina yaikulu ya 1847, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria, mtundu umene adasula zochepa. Glenys adayamba kupita nazo kwa a Tranter, nkhalamba yogula ndalama zakale. Ndalama yopukutidwa imagwa mtengo, ndipo timizere timene nsalu yopukutira imasiya timaoneka bwino pansi pa nyale imodzi. N'chifukwa chake a Tranter ankatseka makatani dzuwa likuswa mtengo, n'kumaunika imodziimodzi.

Koma odutsa mumsewu ankangoona makataniwo. Pakamwa pa anthu a tauni ino, ine ndimachita napo mantha.

"Alwyn, alamu athu ayamba sukulu yamumdima?" adatero mnzake ku bala. "Ati mitu imachita kugundana."

Alwyn adaseka nawo, koma mowa sadaumalize.

"Mumakatani kwa mdala uja?" adamufunsa mkazi wake atafika kunyumba.

"Timaona ndalama za ababa. Mawa tipitire limodzi mukaone nokha."

"Ndikaone chiyani? Ukundiyesa mwana iwe?"

"Amuna anga, munthuyo ndi msinkhu wa bambo anga."

"Ndiye amatsekeranji makatani?"

Glenys adafotokoza za nyale ija kawiri konse. Nsanje, abale anga, imafunsa koma simvera yankho. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa kuchokera kwawo kukafika kwa a Tranter n'pafupi, ndipo Alwyn akadangopita monga mlendo.

Adapita Lachinayi masana, sipanala ili m'manja. Adapeza awiriwo ataweramira patebulo, nkhalamba ili ndi galasi loonera pa diso. Adaimenya nkhalambayo kawiri. A Tranter adamwalira asadafike kuchipatala.

Khoti lidagamula kuti Alwyn akhale m'ndende moyo wake wonse, ndipo asapemphe zotuluka zisadathe zaka makumi awiri. Glenys adakamuona kamodzi kokha.

"Ndikhululukire, mkazi wanga. Ndinkaopa kuti akulanda."

"Palibe amene ankandilanda, Alwyn. Ndidakuuzani zoona, inu mudasankha za ku bala."

Munthu wokhulupirira mphekesera kuposa mkazi wake amataya chomwe akuchilondacho. Glenys adasamuka mu Ludlow osatsanzika aliyense. Alwyn amalembabe makalata mwezi uliwonse, ndipo onse amabwerera kundende osatsegulidwa.