Nthambi ya pa Mphambano

"Pakusowa mmodzi," anatero a Nedson atawerenga ophunzira kachiwiri.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, ndipo kalabu ya zachilengedwe ya sukulu ina ya ku Malomo inali itafika pamwamba pa phiri la Ntchisi. A Nedson, amene ankawatsogolera, anali atapereka lamulo asananyamuke. Pomwe njira zagawikana, wotsogola amagoneka nthambi yaiwisi panjira yosayenera kulowa. Wotsalira akaiona amadziwa kuti kumeneko n'kotseka.

Rodrick analimva bwino lamulolo. N'chifukwa chake pa mphambano yomaliza anatsalira dala, n'kuchotsa nthambi panjira yotsikira kuchigwa, n'kuigoneka panjira yokwera. Ankafuna kukhaulitsa Alexio, yemwe ankamuseka nsapato zong'ambika kuyambira m'mawa ndipo panthawiyo anali atapatukira kutchire. Koma Alexio anali pomwepo pamwamba pa phiri, atakhala pamwala akutafuna chinangwa. Anali atadzera chidule. Wosowayo anali Luckness, mlongo wake wa Rodrick wa Fomu 1.

"Ndinamusiya kudambo kuja akuzula minga kuphazi," anatero mtsikana wina.

Nkhungu inali itayamba kukwera kuchokera m'zigwa. Inameza mitengo ya m'munsi, kenaka udzu, mpaka munthu sankaonanso mnzake wa patali pang'ono. A Nedson anauza aphunzitsi amene anabwera ndi ophunzirawo kuti asalole aliyense kusuntha.

"Ndibwerera kudambo. Kuchigwa sangapite, ndinatsekako ndekha."

Rodrick anadziwa kumene mlongo wake walowera. Akanena, sukulu yonse idziwa, ndipo bambo ake amva dzuwa lisanalowe. Akapanda kunena, a Nedson adutsa pa mphambano paja nkhungu ili tolotolo, n'kukafuna mwana kumene kulibe.

"Aise, mlongo wako wasowa iwe uli duu ngati chitsa?" anatero Alexio. "Kapena nsapatozo zakana?"

A Nedson anali atayamba kale kutsika.

"Bambo!" Rodrick anawaitana. "Ali kuchigwa. Nthambi ija ndinaisuntha ine."

Palibe anaseka. A Nedson anatembenuka.

"Zokamba tikamba. Tiye, nyamula mtengo uwo."

Njira ya kuchigwa inali yoterera. Inadutsa m'nkhalango yothithikana n'kukathera pathanthwe lonyowa, lomera ndere. Pansi pake mtsinje unkasokosera pakati pa miyala. Pandere panali mkwasa wautali wa munthu woterereka.

"Luckness!"

"Achimwene! Ndili kuno!"

Anali pansi pa thanthwelo, pakamwala kongokwana mapazi awiri. Kumbuyo kwake kunali madzi othamanga, kutsogolo thanthwe losagwirika. Nsapato imodzi inali itapita ndi madzi, ndipo bondo linkachucha magazi. Ankanjenjemera ndi chisanu.

A Nedson anatsitsa mtengo uja koma unaperewera. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakola mwendo kumuzu wa mtengo waukulu.

"Gona chafufumimba, ndikugwira miyendo. Usayang'ane madzi, yang'ana mlongo wako."

Rodrick anagona pandere yozizira, mutu kunsi, mtengo uli m'manja. Luckness anaugwira, koma manja ake anali atachita dzanzi ndipo anapulumuka. Ulendo wachiwiri anaukumbatira ndi mikono yonse. Rodrick anakoka pang'onopang'ono, thanthwe likusupula zigongono zake, mpaka a Nedson anagwira mtsikanayo pamkono.

Atamumanga bondo ndi mpango, Rodrick anamubereka. Anayamba kukwera, a Nedson ali patsogolo. Atatsala pang'ono kufika pa mphambano, Luckness analankhula chapansipansi kukhutu kwa mchimwene wake.

"Achimwene, musakanene kunyumba kuti ndinasochera. Adzati ndine wosamva, sadzandilolanso kupita kulikonse. Komatu ine ndinachita monga anatiuzira. Ndinaona nthambi, ndinalowa kwinako. Ndinalakwitsa pati?"

A Nedson anaima, koma sanatembenuke. Rodrick anamva magazi a bondo la mlongo wake akunyowetsa malaya ake m'nthiti.

"Sunalakwitse paliponse," anatero. "Kunyumba ndikanena ndine, ndipo ndikayamba ndi zimene ndikuuze panopa. Gwiritsa, njira ikadalipo."