Dzina Limene Flossy Anapatsa Paison

Paison anali ataimirira kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 2, thukuta lili kamukamu. Anali wachibwibwi chibadwire. Aphunzitsi, a Fanizo, anamuuza kuti abwereze zimene anali atangophunzitsa: za Aniyandato, anthu akalekale a ku Ulaya ndi ku Asia, amene akatswiri amatsutsanabe ngati ankayankhula monga ife.

"A-a-ani..." anayamba Paison.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero Flossy ali pa benchi yakutsogolo. "Yankho ndi limeneli. Sankayankhula."

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali, ndipo Flossy anamva kukoma. Iye ankakonda kuonekera. Ankanyadira khungu lake loyererako ndi tsitsi lofewa, ndipo aliyense anali atamva kale za Fernando, Mpwitikizi amene anabereka agogo ake.

Dzina loti Niyandato linamera pa Paison pomwepo. Paison akamadutsa, anyamata ankadzuma ngati nkhumba. Flossy anayambitsanso zomuikira minga ya mlamba pa desiki, ati chakudya cha Niyandato. Posakhalitsa ngakhale akabaza a pa Bangula ankamuitana choncho. A Fanizo anakalipa, koma sizinathandize. Paison anasiya kuyankha m'kalasi, kenaka anasiya kupereka moni, kenaka malo ake anangokhala opanda munthu.

Tsiku lina a Fanizo anapitiriza phunziro lija. Anati fupa lapakhosi la Aniyandato linapezeka lofanana ndi lathu, choncho mwina ankayankhula ndithu. Anatinso anthu amene anachoka mu Africa kalelo anakwatirana nawo, n'chifukwa chake azungu ndi Amwenye ali ndi kamagazi kawo kuposa ife kuno.

Rex, mnyamata wa kumbuyo, anakweza dzanja. "Apwitikizi nawonso, aphunzitsi?"

"Nawonso."

Mitu yonse inatembenukira kwa Flossy. Mawa lake minga ya mlamba inali pa desiki yake, ndipo amene ankadzuma kwambiri anali anzake omwe ankadya nawo limodzi.

Loweruka Flossy anayenda wapansi mpaka kwawo kwa Paison, m'mbali mwa Shire. Anapeza mayi ake a Paison akuyanika nsomba pa thandala.

"Ndiwe Flossy uja?" anafunsa mayiwo osamuyang'ana. "Mwana wanga ankatisimbira nkhani pakhomo pano, ngakhale movutikira. Kutchalitchi ankaimba bwinobwino. Pano timangolozerana ndi zala."

Nthawi yomweyo Paison anatuluka m'nyumba atanyamula nkhafi, akupita kukawedza ndi amalume ake ku Nyachikadza.

"Paison, pepa," anatero Flossy. "Bwerera kusukulu. Dzina lija lili pa ine tsopano."

Paison anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsetserekera kudooko, nakankhira bwato m'madzi.

Mayi aja anatembenuza nsomba ina. "Ndiye wabwera chifukwa lafika pa iwe," anatero. "Dzipita, mwana iwe. Kwanu n'kutali."