Njira ya ku Manda a Amayi

Subira anakumana ndi Macloud pa siteji ya basi pa boma la Mangochi, mu Ogasiti wa chaka cha 1984. Basi inali itafa, ndipo anthu anangokhala pa akatundu awo dzuwa likuswa mtengo.

Landirova yodzaza ndi azungu inaima pafupi naye. Munatsika mnyamata wamtali, wopisira shati yoyera, baji ya chipani ili pachifuwa.

"Achemwali, njira ya ku Lungwena ndi iti?"

"Muoloke mlatho, mukhotere kumanzere. Inenso kwathu n'komweko."

"Ndiye kwerani mutitsogolere. Maso okongola chonchi sangatisocheretse."

Subira anazyolika, koma anakwera.

M'njira Macloud anafotokoza zonse. Azunguwo anali ophunzira a ku yunivesite ina ya kunja, ndipo anabwera ndi pulofesa wawo kudzakumba mabwinja a anthu akale. Anatengako ophunzira angapo a kuno kwathu, mmodzi mwa iwo n'kukhala Macloud. Ntchito inali pawiri, kukumba ndi kuphunzira utsogoleri. Sabata iliyonse gulu linkatsogoleredwa ndi wophunzira mmodzi, iyeyo ndiye ankasankha pokumba ndi kugawa ntchito. Mmalawi amene angapose anzake anali woti adzatengedwa kukapitiriza maphunziro kunja.

Mawa lake Subira anali atalembedwa ntchito yotsuka zokumbidwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba ndi beseni ndi kaburashi, n'kumatsuka mapale a miphika ndi timikanda. Patsogolo pake atsikana achizungu ankavutika m'maenje ndi masiketi aatali, poti thalauza kwa akazi linali loletsedwa.

Macloud sankasowa chifukwa chofikira pabwembapo.

"Subira wanga, manja awa si otsukira mapale. Ndi ovala mphete."

"A Macloud, inu ndi a tchalitchi, ine wa kumzikiti. Amalume sangalole."

"Ndidzawagwadira mpaka maondo anyuke. Kunja ndikapita, ndidzabwera kudzakutenga. Mtima wanga ndausiya m'beseni mwakomo."

Mawu otere Subira anali asanawamvepo. Anyamata a kwawo ankangodziwa kuponya usipa m'mbale n'kutsinzinira diso. Ndani akanamudzudzula? Anamukonda Macloud ndi mtima wonse, osasiyako pena.

Koma kukumba sikunkayenda. Masabata anatha akungotola mapale wamba, pulofesa nkhope ili gwa. Ankadziwa kuti kufupi komweko kunali mudzi waukulu wakale wa amalonda a minyanga, koma aliyense wofunsidwa ankangoti, "Kaya, ife sitidziwa."

Anthu ankadziwa bwino lomwe. Malowo anali m'nkhalango ya kuseri kwa phiri, ndipo m'menemo munagona makolo a mbumba ya Subira. Mwambo wa banjalo unali wakuti njira ya kumeneko isasonyezedwe kwa mlendo, pokhapokha atakwatira m'banjamo. Amayi ake a Subira, a Alima, anapempha akudwala kuti akagone pafupi ndi makolo awo, ndipo anaikidwa m'mphepete mwa nkhalangoyo.

Lachisanu lina anthu ali ku mzikiti, Macloud anamupeza Subira akupukuta misozi.

"Walira, wapamtima wanga. Chavuta n'chiyani?"

"Ndakumbuka amayi. Akanakhala moyo akanakuonani."

"Nanga sungandiperekeze kumene agona? Ndikufuna ndikawapatse ulemu. Sindingakutenge ngati wakuba."

"Kumeneko sikupita alendo."

"Ine ndikadali mlendo kwa iwe?"

Funso limenelo ndi limene linamugonjetsa. Anamutsogolera kudutsa m'minda ya chinangwa, kuseri kwa phiri, mpaka m'nkhalango. Anagwada pa manda a amayi ake n'kupemphera chamumtima. Macloud anagwada naye, chipewa chili m'manja. Kutsogolo kwawo kunali mitumbira yakale yokutidwa ndi miphika yovundikira, ndipo mikanda ya buluu inkaonekera pamene madzi a mvula anakokolola dothi.

"Mulumbire kuti simudzauza munthu," anatero Subira.

"Ndikulumbira pamaso pa amayi akowa. Chinsinsi chako ndi changa, mpaka imfa."

Subira anabwerera kunyumba mtima uli mbee. Sanaone kuti pobwerera Macloud ankayang'anitsitsa mtengo uliwonse wa m'njira.

Kenako inafika sabata ya utsogoleri wa Macloud.

Lolemba m'mawa Subira anafika pabwemba paja n'kupeza palibe munthu. Wophika wa gululo, a Simioni, ndiwo anamuuza.

"Asamuka, mwanawe. Akuti apeza malo enieni kuseri kwa phiri. Beseni lako latsogola kale."

Subira analunjika kuphiri kuja. Anathamanga, chitenje chikukodwa m'zitsamba, akudziuza kuti mwina ndi phiri lina, mwina ndi nkhalango ina.

Inali yomweyo. Tchire linali litalambulidwa, miphika ya pa mitumbira itasanjidwa pambali, iliyonse ndi kapepala kake. Zingwe zoyera zinali zitakokedwa pa zikhomo, kudula malo onse m'timabwalo, ndipo chingwe chimodzi chinadutsa pakati penipeni pa manda a a Alima.

Anthu a m'mudzi anaima chapatali. Pakati pawo panali a Jaffalie, amalume ake a Subira, mwini mbumba, atagwira chipewa chawo cha kofiya m'manja. Kutsogolo kunaima tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake a malaya ofiira. Iye anali atanena kale kuti ntchitoyo ndi ya boma, ndipo woikana ndiye kuti akukana chitukuko. Masiku amenewo mawu otere ankatseka pakamwa pa mudzi wonse.

Pulofesa anayamba kulankhula mosangalala, Agatha, mnzake wa Macloud wa ku yunivesite, akumasulira.

"Akuti tonse tiphunzire kwa Macloud. Akuti tsiku lomwe tinafika, iye analonjeza kuti malo amene anthu akubisa adzawapeza. Anati adzapalana ubwenzi ndi munthu wa m'banja losunga malowa, ndipo adzadekha mpaka munthuyo amukhulupirire."

Mawu a Agatha anayamba kutsika atamuona Subira, koma anamaliza.

"Akuti mtsogoleri weniweni ndi wotero. Amene apite kunja ndi iyeyu."

Azungu anaomba m'manja. Tsiku lomwe anafika? Ndiye kuti mphete ija, maondo onyuka aja, zonse zinali khasu lokumbira? Subira anamva ululu umene sanaumvepo chimwalirire amayi ake.

Anadumpha zingwe zija mmodzimmodzi n'kukakhala pansi pa manda a amayi ake, manja atagwira dothi.

Macloud anabwera msanga, akumwetulira kuti azungu asadabwe. Anawerama n'kunong'ona.

"Subira wanga, usandichititse manyazi. Ndachitira ife tonse. Ndikapita kunja, iwenso wapita."

"Munalumbira mutagwada pompano."

"Ndi mafupa chabe awa, wokondedwa. Ife tili ndi moyo."

"Ndi amayi anga."

Pulofesa anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Tcheyamani anayandikira, anyamata ake ali pambuyo. Onse ankayang'ana mtsogoleri wa sabatayo kuti achita chiyani. Macloud anaweramuka, anakonza kolala ya shati yake, ndipo analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mayi, chokani pamenepo. Mukusokoneza ntchito ya boma."

Mayi! Subira anamuyang'ana kumaso, koma Macloud anali akuyang'ana kale kwina.

Agatha ndiye anauza pulofesa kuti mandawo ndi atsopano. Mzunguyo anachita manyazi, nalamula kuti chingwecho achisunthe. Anachisuntha pang'ono chabe. Manda a a Alima anatsala, koma kuseri kwa chingwe makasu anayamba kulowa m'mitumbira ya makolo.

Subira anakhalabe pomwepo, akumva kulira kwa makasu. Patapita nthawi anamva munthu akukhala pansi pambali pake. Anali a Jaffalie. Sanakalipe, ndipo mawu awo anali otopa.

"Mwana wa mlongo wanga, nkhondo zinadutsa, azungu a msonkho anadutsa, njira iyi sinadziwike. Wallahi, Mulungu ndi mboni, mudzi wonse tinakana. Mnyamata uyu waidziwa bwanji?"

Akanatha kunena kuti sakudziwa. Palibe amene anawaona Lachisanu lija. Koma anali atakhala pa manda a amayi ake, ndipo pamenepo panali patanenedwa kale bodza limodzi.

"Ndinamubweretsa ndine, amalume," anatero misozi ikugwera pa dothi. "Ndimafuna amayi amuone."