Filimu ya Alimi a Thonje

Yoram Makwinja anali wojambula maukwati pa Balaka, ntchito imene inkangomupatsa ya sopo ndi mchere. Iye ndi mkazi wake Ethel ankakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika, yodontha dzinja lonse. Koma mtima wa Yoram sunali pa maukwati. Ankafuna kupanga filimu ya anthu enieni ndi mavuto awo enieni, choncho anayenda ndi kamera yake yakale m'minda ya kwa Nsamala ndi ku Ngokwe kujambula alimi a thonje: thukuta lawo, kukwera mtengo kwa mankhwala, ndi mavenda obwera ndi masikelo akuba. Ndalama zitamuthera, Ethel anagulitsa makina ake osokera kuti ntchitoyo ifike kumapeto.

Atamaliza anabwereka holo, namata mapepala m'mitengo kuyambira kudepoti mpaka kusiteshoni ya sitima. Tsiku loonetsa kunabwera anthu osadzaza ngakhale mabenchi awiri, ambiri mwa iwo abale olowa ulere. Bambo wina anatuluka filimu ili pakati, akudandaula kuti sangalipire kudzaonera khasu pamene khasu walisiya kunyumba. Yoram anayesa pa Liwonde, anayesa pa Ntaja, koma kulikonse ankaonetsa mabenchi.

Chimene chinkamupweteka koposa chinali chisakasa cha Sharifu, mnzake wa kusukulu, amene ankaonetsa mafilimu a nkhonya ndi mpira pafupi ndi msika. Chisakasacho chinkadzaza kuyambira m'mawa, ena akusuzumira m'mipata ya mabango. Sharifu anagula njinga yamoto, kenaka anayamba kuumba njerwa. Yoram akadutsa pamenepo malovu ankamuwawa m'kamwa, ndipo akafika kunyumba ankakalipira Ethel pa zinthu zopanda pake.

Kondakitala wina ndi amene anamuuza za a Mukhuna, sing'anga wa kuseri kwa Ngokwe chakumalire ndi Mozambique. Yoram anauza mkazi wake kuti akukajambula chinkhoswe, nakwera kabaza.

Anawapeza masana a Mukhuna akusenda chinangwa pakhonde. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anamvetsera dandaulo lonse osamudula, kenaka anapempha kuona filimuyo pa laputopu. Anaonera mpaka kumapeto, akuloza ndi mpeni nkhope iliyonse imene yatulukira.

"Anthu onsewa anakulola kuti uwajambule?"

"Anandilola, bambo."

"Ndiye kuti wabwera ndi katundu wokwanira. Ena amabwera kuno chimanjamanja."

Yoram anafunsa ngati angapereke mbuzi kapena ng'ombe zinthu zikayenda. A Mukhuna anaseka pang'ono, nanena kuti iyayi, mbuzi mthunzi wake ndi waufupi. Chithunzi cha munthu, iwo anatero, ndi mthunzi wake, ndipo amene wagwira mthunzi wagwira mwini wake.

"Anthu adzaionera mpaka kupondana pakhomo. Koma mwezi uliwonse umene maso a anthu ali pa filimuyi, mmodzi wa awa apita. Woyamba kuoneka, woyamba kupita. Ukafuna kuti zithe, anthu asiye kuonera. Palibe china."

Yoram anawawerenga mumtima anthuwo. M'filimumo munali amalume ake, a Pitala, ndipo chakumapeto munali Ethel yemwe, atasenza mtolo wa thonje m'munda wa makolo ake. Koma patsogolo pawo panali anthu ambiri, ena okalamba kale, ena oti sankawakumbukira ngakhale maina. Anadziuza kuti miyezi yochepa imukwanira, asiya zisanafike pa abale. Anavomera. A Mukhuna anamutema mphini pazikope, napaka mafuta akuda pa kachipangizo kosungira filimuyo.

Loweruka lotsatira holo yomwe ija inadzaza mpaka anthu kukhala m'mawindo. Ankaonera ali duu, ena akulira, ndipo akatuluka ankakaimanso pamzere osadziwa chimene chikuwakoka. Chisakasa cha Sharifu chinatsala ndi ana okhaokha. Mwezi usanathe kunamveka kuti a Jimu, mlimi wa kwa Nsamala amene ankayamba kulankhula m'filimumo, agwa m'munda osadzukanso. Yoram anatumiza bokosi lokongola kumaliro, anthu namutama kuti ndi mwana wodziwa kuthokoza.

Anapita nayo ku Zomba, anapita nayo ku Blantyre, mawailesi nayamba kunena za filimu ya alimi imene yagonjetsa mafilimu akunja. Anagula galimoto, anagula poloti, anabwezera Ethel makina atsopano. Mwezi wachiwiri mayi Lena, amene ankaimba akutola thonje, anatsamwa ndi madzi akumwa. Wachitatu anapita mnyamata wa ngolo, munthu wamphamvu zake. Mwezi uliwonse Yoram ankati uno ndi womaliza, koma mwezi uliwonse pankakhala chosowa: malata, mpanda, matayala. Anayamba kudana ndi kulira kwa foni. Ku Ngokwe anthu anayamba kunong'ona, ndipo a Pitala anabwera okha pa Balaka kudzafunsa mphwawo chifukwa chimene maliro akutsatira kamera yake. Yoram anawayankha mwaukali kuti imfa inalipo iye asanagule kamera, nawapatsa ya basi.

Atangochoka amalumewo mantha anamugwira. Analengeza kuti filimu yatha kuonetsedwa, anabweza ndalama za maholo amene anali atamulipira kale, natsekera kachipangizo kaja m'sutikesi. Kwa masabata angapo anapuma bwino. Kenaka kunabwera uthenga wa maliro ena, a munthu wotsatira pamzere.

Tsiku lomwelo akudutsa pamsika anamva mawu a malemu a Jimu akuchokera m'chisakasa cha Sharifu. Analowa ngati mphepo. Chisakasa chinali chodzaza, filimu yake ili pakanema. Sharifu anamuuza mosabisa kuti anaigula kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, ndipo aliyense ali nayo. Wina anaijambula ndi foni ku Zomba, ndipo tsopano ikuyenda paliponse. Yoram anapita kwa anyamatawo, anawapempha, anawaopseza ndi apolisi, anawalipira kuti afufute. Ankafufuta iye akuona, akachoka nkuikanso. Anaipeza m'minibasi, m'malo ometera, m'manja mwa amayi ogulitsa tomato. Anagulitsa galimoto kuti agule makope onse, koma zinali ngati kutunga madzi ndi dengu.

Anabwerera kwa a Mukhuna, nagwada m'fumbi. Anati wasiya kuonetsa monga anagwirizana, ndiye bwanji anthu akupitabe.

"Ndinati anthu asiye kuonera. Sindinati iwe usiye kuonetsa."

"Koma sindikupezapo kanthu, bambo. Ngakhale tambala."

"Za ndalama unkaziganiza ndiwe. Kwa ine unapempha maso a anthu, ndipo ndinakupatsa. Pita ukawatseke."

Yoram anadzipereka kuti atengedwe iye m'malo mwa otsalawo. A Mukhuna anapukusa mutu, namukumbutsa kuti wojambula saoneka m'chithunzi.

A Pitala anamwalira mvula yoyamba itagwa. Atabwerako kumaliro Yoram anaulula zonse kwa mkazi wake. Ethel sanalire. Anamufunsa ngati ankadziwa kuti iyenso ali m'filimumo pamene ankavomera, kenaka anamanga katundu wake napita kwa makolo ake, akuti ngati n'kufa akafere pakati pa anthu omufuna. Mpingo unamupempherera, achibale anamutengera kuchipatala kumene sanamupeze ndi nthenda iliyonse. Nthawi yake itakwana anagona masana pamkeka, akuti mutu ukumulemera, ndipo sanadzukenso. Abale ake anamuletsa Yoram kufika pamanda.

Kuyambira pamenepo mutu wa Yoram sunagwirenso. Ankayendayenda pa depoti ya Balaka atavala sanza, akutsomphola mafoni m'manja mwa anthu ndi kuwaphwanya pansi, akuwachonderera kuti atsinzine. Anamenyedwa kambirimbiri ndi anthu omuyesa mbava. Tsiku lina anatsomphola foni ya mlendo pa nthawi imene msika unali utatopa ndi akuba, ndipo gulu linamugwera ndi miyala ndi zibonga. Pamene omudziwa ankafika kudzanena kuti ndi wamisala, anali atatha kale.

Chuma chofuna mwachangu chimadya mwini wake, ndipo chisanamudye chimayamba chadya anthu amene anamukhulupirira. Yoram anali ndi luso, anali ndi mkazi womugwira mkono, koma anaona mochedwa kuti mabenchi opanda anthu ndi opepuka kusiyana ndi manda odzaza. Munthu amene wavomera kuti mnzake afe kuti iye akhute asamadzinamize kuti adziwa polekezera, pakuti dyera lilibe tsiku limene limati lakwana.