Safironi wa Nieves

Makiyi a bokosi la kuchipinda ankakhala m'chiuno mwa mayi Prudencia, ndipo Lamulungu limenelo anavuta kuchokamo. Mpongozi wawo Eulalia anapempha mpaka katatu.

"Amayi, akuchimuna afika masana ano. Ndingotapako pang'ono wothira mumpunga, nawonso aone kuti mwana wanga sakupita chimanjamanja."

"Mpunga umadyeka ndi adyo yemwe," anatero apongoziwo, maso ali kumbali.

M'bokosimo munali chitini cha safironi, chokometsera chakudya chokwera mtengo kwambiri. Kwathu kuno ku Madridejos mtsikana amalowa m'banja ndi safironi wake, ndiye chuma chomwe mayi amamusungira. Eulalia anakwatiwa ndi Anselmo ali wamasiye, nabwera ndi mwana wake Nieves komanso matumba awiri a mbewu ya safironi, yonga tianyezi, yomwe malemu mayi ake anamusiyira. Zaka khumi ndi ziwiri, October aliyense, ankawerama m'munda kuthyola maluwa dzuwa lisanawatsegule, n'kukhala pansi kuzula timaulusi titatu tofiira m'duwa lililonse, n'kutiwamba pasefa pamwamba pa makala. Dengu lonse limatulutsa tosadzaza n'chikhatho chomwe. Gawo lake sanagulepo ngakhale nsapato, lonse linkalowa m'chitini cha Nieves.

Makiyi aja anaponyedwa patebulo. Anselmo anali pakhomo, akunola chikwakwa chomwe chinali chakuthwa kale.

Eulalia anamasula nsalu, natsegula chitini. Chinali chodzaza ndithu, koma fungo silinamulonjere. Anatsina pang'ono n'kuponya m'kapu ya madzi ofunda. Safironi weniweni alibe phuma, amatulutsa chikasu chake pang'onopang'ono. Apa madzi anangoti psuu nthawi yomweyo, timaulusi tija n'kutuwa. Anatola kamodzi nakayang'anitsitsa pawindo. Zinali ndevu za chimanga zonyikidwa mu utoto.

"Amayi, safironi wa mwana wanga ali kuti?"

Mayi Prudencia manyazi anali atawasiya kalekale. Anapinda manja. "Mlamu wanu Amparo amatsegula malo odyera ku Toledo. Mumati azithira chiyani m'miphika? Munda ndi wathu, ndipo Amparo ndi magazi a nyumba ino. Wanuyo munachita kubwera naye."

Mawuwo anawawa, koma Eulalia ankawadziwa apongozi akewo. Chomwe chinamulasa mtima chinali china. Anatembenukira kukhomo.

"Bambo, talowani. February uja zala zanu zinafiira sabata yathunthu. Munati mumapenta ngolo."

Anselmo analowa, chipewa chili m'manja.

"Ngolo yanu ndi yobiriwira, bambo. Ine wopusa ndinakutenthetserani madzi, n'kukutsukani zalazo ndi manja angawa."

"Ndimati ndibwezeramo tikakolola," anatero Anselmo chapansipansi. "Amayi anati simutsegula msanga. Mkazi wanga, ndikhululukireni, amene uja ndi mchemwali wanga."

"Nanga chitinichi chikanatsegulidwa kwa eni ake, pamaso pa apongozi a mwanayu, wachinyengo akanakhala ndani? Inu? Akanam'bweza ngati mbava tsiku lomwelo."

Nieves anali ataima pakhomo la khitchini, mpeni wosendera anyezi uli m'manja. Misozi inkangoyenderera. Anselmoyu, mtsikanayo ankamutchula bambo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Ababa, mpaka kukhala pansi kumadula ndevu za chimanga kamodzikamodzi? Zinakutengerani masiku angati?"

Anselmo anangoti zyoli. Funso limenelo ine ndimati likumusowetsabe tulo mpaka lero.

Eulalia analira, inde, koma sanalire nthawi yaitali. Anapukuta m'maso ndi epuloni, natuluka, chitseko n'kuchimenyetsa mpaka mbale zinalira pashelefu. Unali mwezi wa June, mbewu yonse ya safironi inali itakumbidwa, ikuuma m'shedi kudikira kudzalidwanso. Matumba awiri omwe anabwera nawo aja anali ataswana kufika khumi ndi anayi. Iye ndi Nieves ananyamula thumba limodzilimodzi kukweza m'ngolo yobiriwira ija, namangirira bulu.

"Akuchimuna akafika muwauze atipeze kwa mlongo wanga," anatero Eulalia. "Ndikawauza zoona, kuti mwana wanga akubwera ndi mbewu. Ngoloyi ibwerera mawa."

Apa mpamene mayi Prudencia anathamanga, ukalamba wonse kuuiwala. Anagwira thumba lomaliza ndi manja awiri.

"Mpongozi, tikambirane. Munda talima kale. Mukatenga yonse, ife tidzala chiyani?"

Eulalia anachotsa zala zawo pathumbapo chimodzichimodzi, mwaulemu ndithu, nawapatsa chitini chija m'manja.

"Dzalani chimanga, amayi. Ndevu zake mwana wanu amazidziwa ntchito."