Zimene Mlembi Anasiya Dala

Mlembi wina anali atangosaina mabuku asanu m'sitolo ya mabuku pamene mphunzitsi wa masamu anaima patebulo pake. Buku lake linali lothaitha, masamba opindapinda.

"Achemwali, Kamphepo wa m'bukumu analikodi?"

"Anali mng'ono wanga. Anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka makumi awiri."

"Pepani. Koma mwini dzanja limene linalemba izi wanditenga mtima."

Ha! Iye amene anakula akutumidwa kukaitana mng'ono wake anyamata akagogoda pageti, lero wina akuyang'ana iyeyo? Nambala anapereka pomwepo.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" Masana: "Wadya, wapamtima?" Madzulo: "Sindidzakusiya, olo zivute bwanji." Mlembi ankawerenga akumwetulira yekha m'basi ngati wapenga.

Vuto linali limodzi. Macheza alionse ankathera kwa Kamphepo.

"Kuchipatala ankanena chiyani? Nanga chibwenzi chake chija chinathawa atadwala, anachikhululukira?"

"Ndidziwa bwanji? Munthuyo ankatibisira, sitinamuonepo. Kodi iwe, ukufuna ine kapena wakumandayo?"

"Aa, bebi, nsanje mpaka ndi buku lako lomwe?"

Nsanje inalipodi, yowawa ngati tsabola m'maso. Mng'ono wake ankamukonda, anamusambitsa yekha miyezi isanu ndi umodzi m'wodi. Koma mpaka liti adzakhala wachiwiri? Kuchitira nsanje munthu wakufa, manyazi ake bwanji!

Loweruka lina mphunzitsiyo ankachonga makope a ana kunyumba kwa mlembi. Mlembi ankamusitira malaya, akung'ung'udza kanyimbo.

"Ayi, siitero nyimboyo," anatero mphunzitsi osadzutsa mutu. "Pamenepo Kamphepo ankakweza mawu."

Simbi inaima.

"Ankakweza mawu? Patsamba liti?"

"Ee… chapakati paja."

"Usandipusitse! M'buku monsemo mulibe pamene akuimba. Ndinasiya dala. Kwathu iye akayamba kuimba, ine ankandiuza kuti ndikhale chete, ndikumusokoneza mwana. Ndinati m'buku langa lokha asaimbemo. Ndiye iwe unamumva kuti?"

Cholembera chofiira chinagwa pansi. Bambo wamkuluyo anayamba kulira ngati mwana.

"Ndine chibwenzi chija. Ndinafika pakhomo la wodi kawiri, nditaona machubu aja ndinabwerera osalowa. Zaka zitatu sindigona. Ndimangofuna kudziwa ngati anandikhululukira."

"Ndiye unabwera kudzafunsa kwa ine ndi maluwa m'manja? Mayo ine! Tandiuza chinthu chimodzi. Ineyo, ine ndekha, unandikondapo olo tsiku limodzi?"

Malaya anayamba kununkha kupserera. Kenako mphunzitsi anayankha motsitsa mawu.

"Ukatembenukira cham'mbali, umafanana naye."

Mlembi anachotsa simbi, n'kumuponyera malaya obookawo. Anatsegula chitseko.

"Umafuna yankho, eti? Imva. Sanakutchulepo n'kamodzi komwe. Anakuiwala sabata yoyamba yomwe. Tuluka!"

Mphunzitsi anatola makope ake n'kutuluka atawerama, ngati wamenyedwa ndi chibonga.

Linali bodza. Mng'ono wake anamwalira foni ili m'manja, maso ali kukhomo, akuti, "Akulu, akabwera munthu wina wake wamtali, musamukalipire." Mlembi anakhala pansi kuseri kwa chitseko n'kulira, koma kumuitana kuti abwerere, sanamuitane.