Makina a Fainolo Anathera ku Bala

M'nyumba ya kalipentala wina simunkamveka mawu achipongwe. Bambo ankapala matabwa pakhonde, mayi ankasoka zovala pafupi ndi zenera, ndipo banja lonse linkapemphera lisanadye. Mwana wawo wamkazi anali wodziwa kulankhula, wosaopa maso a anthu. Achinyamata atamusankha kukhala wapampando wawo, aliyense anangoyamba kumuitana kuti Tcheya.

Dera lawo linagawidwa ndi njanji. A kumtunda ndi a kumunsi anali atasiya kupatsana moni chikanganirane za bwalo la masewera. Timu ya dziko itafika mu fainolo, bungwe lina lothandiza madera linapereka jenereta, masipika ndi makina oonetsera kanema pakhoma, kuti mbali ziwirizi zidzaonere mpirawo limodzi mu holo ya pasukulu. Makiyi a chipinda chosungiramo katunduyo anapatsidwa kwa Tcheya.

Mwini bala ya pafupi ndi siteji sanachedwe kumupeza.

"A Tcheya, masipika akamangokhala amawonongeka," anatero akumwetulira. "Ndibwerekeni Loweruka lokha. Inu mukabwera, tebulo lakutsogolo ndi lanu."

Tcheya anali asanalawepo mowa. Loweruka limenelo anamwa, anthu akumuwombera m'manja. Loweruka linalo anapititsa jenereta.

Tcheya atalowa m'nyumba, mayi ake anamva fungo la mowa.

"Mwana wanga, katundu uja si wako. Anthu angokusungitsa."

"Amayi, inu zisokani zovala zanu. Za komiti tisiyireni ife."

Bambo ake anasiya kupala thabwa. "Mayi ako usawayankhe choncho. Mawa ukatenge katundu wa anthu, ndikuperekeza ndine."

"Ine si mwana woperekezedwa. Anasankha ine, sanasankhe inu."

Sabata ya fainolo itafika, mwini bala anamukokera pambali.

"Ku holo kuja mumangokhala woyala mabenchi. Kuno ndiye timakudziwani kuti ndinu bwana. Bweretsani makina aja tiwayese, ndibweza zonse m'mawa wa tsikulo."

Tcheya anawanyamula yekha m'chikwama. Koma m'mawa wa fainolo atapita kukatenga, mwini bala anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Makina ati? Ngati mukufuna, pitani kupolisi mukafotokoze amene anawatulutsa m'chipinda muja."

Masana holo inadzaza. A kumtunda anakhala mbali yawo, a kumunsi mbali yawo, pa mabenchi amene bambo a Tcheya anakhoma osalipiritsa. Ana okha ndi amene anali atasakanikirana kale kutsogolo, akukupiza timbendera. Mayi woimira bungwe anafunsa Tcheya kuti katundu ali kuti.

Apa akanatha kunena zoona. M'malo mwake anakwera pansanja, mutu uli m'mwamba.

"Katundu wabedwa. Dzulo ndinaona anyamata a kumunsi akuzungulira chipinda chija."

Holo inachita phokoso. Wina anaponya botolo, wina anathyola mwendo wa benchi. Amayi anathawa ndi ana kudzera m'mazenera. Kalipentala analowa pakati kuti aleretse, ndipo thabwa lomwe wina analozetsa pamutu wa mnzake linagwera pa dzanja lake lamanja n'kuphwanya zala.

Ndewu ili mkati, woyendetsa njinga wina analowa akupuma wefuwefu. Anati mpira ukuoneka bwinobwino pakhoma la ku bala, ndipo pamakinapo pali chizindikiro cha bungwe. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana Tcheya.

Apolisi anatenga iye ndi mwini bala yemwe. Mayi ake anamutsatira kupolisi maso ali ofiira.

"Bambo ako ali kuchipatala. Pepesa kwa anthu, mwana wanga, mwina akumvera chisoni."

"Ndipepese chiyani? Sindinabe ine, ndinangobwereketsa. Amene anaponya thabwa si ine."

Kukhoti ananenanso zomwezo, ndipo woweruza anamutumiza kundende. Bungwe linatenga katundu wake n'kupita naye kudera lina. Bambo ake sanagwirenso chopalira matabwa. Mpaka lero a kumunsi sawoloka njanji ngakhale pa maliro, chifukwa sanaiwale kuti anatchedwa akuba pamaso pa ana awo.

Mayi ake amapitabe kukamuona. Nthawi zonse Tcheya amafunsa ngati anthu asankha wapampando wina, koma za dzanja la bambo ake safunsa.

Wachinyamata iwe, chimene anthu akusungitsa si chako, ngakhale makiyi ali m'thumba mwako. Mowa wolandira mwaulere umakutengera ku kuba, kuba kumakuphunzitsa bodza, ndipo bodza lako limapweteka amene sanalakwe. Makolo akakuchenjeza, bwerera tsiku lomwelo. Ukaumitsa khosi ngati Tcheya, udzagwa wekha ndi kugwetsanso nyumba yakwanu ndi dera lonse.